Njinga zakale za maulendo ataliatali: zoyenera kuyeza musanatulutse ndalama

Pa mulu wa njinga za kaunjika maso a ogula amathamangira mitundu iwiri: ya masipuling'i kutsogolo ndi kumbuyo, kapena ya mpikisano ya timatayala towonda ngati chala. Apo ndi apo pamapezeka yachitatu imene ngakhale wogulitsa amasowa gulu loiikamo. Mahandulo ake ndi opindikira pansi ngati a ya mpikisano, koma mukainyamula ndi yolemerako, ndi yayitali thupi, ndipo yadzaza timabowo ta mabawuti: kumapeto kwa foloko, pakatikati pa miyendo ya folokoyo, kumbuyo pafupi ndi ekiselo, ngakhale kunsi kwa paipi imene imatsika kuchokera kukhosi, kapaipi kakafupi kakutsogolo mmene foloko imazungulira. Imeneyo ndiyo njinga ya maulendo ataliatali, ya touring. Anaipangira munthu woyenda masabata kapena miyezi atasenza tenti, zofunda, mapoto ndi madzi, katundu wa makilogalamu 20 kapena 30, njinga n'kumayendabe mowongoka.

Ku Britain kuyenda kotereku n'kwakalekale. Bungwe la Cyclists' Touring Club linayamba mu 1878, ndipo njinga yotchuka ya kumeneko, Dawes Galaxy, inatuluka mu 1971 n'kumapangidwabe mpaka 2020. Ku America zinafika pachimake mu 1976, pamene anthu pafupifupi 4,000 anapalasa nawo ulendo wa Bikecentennial, theka la iwo n'kudutsa dziko lonselo pakati pa Oregon ndi Virginia. Makampani ataona msika anayamba kupikisana, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunatuluka Trek 520, Trek 720, Specialized Expedition, Miyata 1000, Fuji Touring Series ndi Univega Gran Turismo, zambiri mwa izo zopangidwa ku Japan. Sizinachedwe kuzilala. Njinga za m'mapiri zinalanda msika, ndalama ya ku Japan inakwera mphamvu kuyambira 1985, zopangidwa kumeneko n'kudula. N'chifukwa chake zabwino zambiri zimene zikuzungulira m'manja mwa anthu lero zili ndi zaka 35 mpaka 45.

Mayinawa ndi bwino kuwadziwa, koma asakupusitseni. Galaxy ya m'ma 1970 ndi Galaxy ya m'ma 1990 zimangofanana dzina. Mawilo ake ndi osiyana kukula, mabuleki ndi osiyana, magiyanso ndi ena. Komanso njinga ya zaka 40 yadutsa m'manja ambiri, uyu kuchotsapo ichi, uyo kuikapo icho. Chimene mukugula kwenikweni ndi felemu ndi miyeso yake. Tcheni, makebulo ndi matayala mudzasintha basi, mufune musafune. Choncho popita kukaiona tengani tepi yoyezera, chingwe cha mamita atatu, tochi, kamaginito, sipanala yosintha kukamwa, ndi ma Allen key a mamilimita 4, 5 ndi 6.

Yambani ndi tepi. Yezani kuchokera pakati pa ekiselo ya mapedulo kufika pakati pa ekiselo ya wilo lakumbuyo. Pa njinga ya mpikisano mupeza masentimita 40 kapena 41. Pa ya maulendo yeniyeni mupeza 43 mpaka 46, ndipo Trek 720 inafika pa 47. Masentimita ochepawa ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yakuti chidendene chisamagunde chikwama cha m'mbali mwa kaliyala nthawi iliyonse pedulo ikabwerera kumbuyo. Yachiwiri ndi yakuti katundu akhale pamwamba pa ekiselo kapena patsogolo pake pang'ono. Pa felemu yaifupi munthu amakankhira zikwama kumbuyo pothawa chidendene, kulemera konse n'kulendewera kuseri kwa ekiselo, ndiye kutsogolo kumapepuka, mahandulo n'kumanjenjemera potsetsereka. Njinga ya mpikisano yomangidwa kaliyala sisanduka ya maulendo ayi.

Tsopano chitsulo. Pa paipi ya chishalo nthawi zambiri pamakhala kasitika konena za mapaipi: Reynolds 531 pa za ku Britain, Tange kapena Ishiwata pa za ku Japan, Columbus pa za ku Italy, kapena kungolemba Cr-Mo 4130. Reynolds 531 inayamba mu 1935, ndipo ya 531ST ndi yokhuthala pang'ono, yopangira katundu. Werengani kasitikako bwinobwino, chifukwa kena kamanena za mapaipi atatu apakati okha, foloko ndi timapaipi takumbuyo zili za chitsulo wamba. Kasitika kakachoka, yezani mtengo wa chishalo. Ukakhala wa mamilimita 27.2 kapena 26.8, paipi imene walowamoyo ndi yopyapyala, ya chitsulo chabwino. Ukakhala wa 25.4, mwagwira chitsulo chokhuthala cha njinga yotsika mtengo.

Pali nkhani imene imakambidwa kwambiri yakuti felemu yachitsulo ikathyoka mungaiwotcheretse pamsika uliwonse. Pa njinga yakuda ya Hero kapena Humber zimenezi n'zoona. Pa Reynolds 531 ayi. Mapaipi amenewa ndi okhuthala pafupifupi milimita imodzi kumapeto, koma pakati amapyapyala kufika 0.6 kapena 0.7. Wowotcherera mageti ndi mawindo ndi makina amagetsi akangogunditsapo ndodo yake, paipi imabooka nthawi yomweyo, ndipo pofuna kutseka bowolo amaunjikapo chitsulo chimene chimadzasweka m'mbali mwake. Mafelemu amenewa analumikizidwa ndi moto wa gasi ndi waya wa bulasi, ndipo kukonza kwake n'komweko. Wofunika kumufunafuna ndi uja wokonza maladiyeta kapena mafiriji amene ali ndi mabotolo a gasi. Za felemu ya aluminiyamu, monga Cannondale zoyambirira za 1983, ikang'aluka ingoiwalani.

Gwadani pansi tsopano. Yendetsani chala kunsi kwa paipi yapamwamba ndi kunsi kwa paipi yotsika, masentimita awiri kapena atatu kuchokera pamene zalumikizana ndi khosi. Njinga imene inagunda chinthu chamutu imasiya kamzere kotukuka pamenepo, ngati khwinya la pa nsalu, ndipo penti amakhala atang'ambikang'ambika mopingasa. Diso limaphonya koma chala sichiphonya. Mukakapeza, nyamukani muzipita, kaya mtengo autsitse bwanji. Paipi yopindika chonchi yafooka ndipo ngodya ya kutsogolo yasintha. Kenako imani chapambali muone foloko. Mbali yake yapamwamba iyenera kutsata mzere umodzi ndi khosi la felemu isanakhotere kutsogolo chakumunsi. Ikaoneka ngati yabwerera m'mbuyo, ndi ngozi yomwe ija.

Ming'alu imakonda malo olumikizira: kuzungulira pamene mtengo wa chishalo umamangidwa, pansi pa bottom bracket, chibowo chija mumazungulira ekiselo ya mapedulo, ndiponso pa kachitsulo kogwira ekiselo yakumbuyo mbali ya tcheni. Pukutani girisi ndi matope, muunike ndi tochi. Kamzere kofiirira kowonda ngati tsitsi ndi dzimbiri lotuluka mumng'alu. Dzimbiri lapamwamba lokha lisakuopseni, limachoka ndi sandipepala. Loopsa ndi lodya kuchokera m'kati, makamaka pa njinga za ku Britain kumene amathira mchere m'misewu nthawi yachisanu. Zulani chishalo muunike m'paipimo, mutembenuze njinga mumve ngati muli zigamphu zoyoyoka, ndipo pamene penti watukusira ngati matuza dinikizani ndi nsonga ya sikuludiraiva. Pakalowa, felemu yatha. Ndipo njinga yakale yopakidwa penti watsopano wonyezimira muziikayikira kawiri. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Kuzula chishaloko ndi mayeso paokha. Mtengo wa aluminiyamu ukakhala zaka m'paipi yachitsulo popanda girisi, ziwirizi zimagwirana ngati zowotcherera. Masulani bawuti, mupotoze chishalo. Chitaninso chimodzimodzi ndi mtengo wa mahandulo: masulani bawuti yapamwamba maulendo atatu kapena anayi, muimenye pang'ono kuti kamphero ka m'kati katsike, kenako mupotoze. Zikakana, dziwani kuti kutsogoloku kuli ntchito ya masiku, nthawi zina mpaka kucheka ndi sowo m'kati mwa paipi, ndipo mafelemu ambiri amafera pamenepa.

Chingwe chija ndi choonera ngati felemu ili yowongoka. Chimangeni pa kachitsulo kogwira ekiselo yakumbuyo kudzanja lamanja, muchikokere kutsogolo, chizungulire khosi, chibwerere pa kachitsulo ka kumanzere, chikhale chokungika. Yezani mpata wa pakati pa chingwe ndi paipi ya chishalo mbali zonse ziwiri. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena awiri si kanthu. Kukapitirira atatu, kumbuyo kwapendekera, ndipo njingayo idzakokera mbali imodzi ikasenza. Yachitsulo imawongoleka, koma mtengo utsike.

Nkhani ya mawilo ndi imene imagwetsa anthu ambiri, ndiye tiikhalire pansi. Musakhulupirire mainchesi olembedwa pa tayala. Funani manambala awiri olekanitsidwa ndi kamzere, monga 32-630 kapena 37-622. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala, yachiwiriyo ndi kukula kwa limu pamene mkombero wa tayala umakhala, zonse m'mamilimita. Tayala limalowa pa limu ya nambala yake yokha. Njinga za maulendo za ku Britain ndi ku America za m'ma 1970 mpaka pakati pa m'ma 1980 zambiri zili pa 630, imene amaitcha 27 x 1¼. Zobwera pambuyo pake zili pa 622, imene ndi 700C. Njinga za m'mapiri zakale zili pa 559, ya mainchesi 26. Njinga yakuda ya kumudzi ili pa 635, ya 28 x 1½. Chosokoneza n'chakuti matayala ambiri a 622 ochokera ku Ulaya nawonso amalembedwa 28, pamene ndi aang'ono kuposa a 27. Munthu amapita ku sitolo kukafunsa "tayala la 28", amupatsa la njinga yakuda, ndipo pa limu ya 622 limangokhwepa, chubu n'kutulukira m'mbali. Palinso 590, ya 26 x 1⅜, imene ili pa njinga zambiri za m'tauni zochokera ku Japan. Siigwirizana ndi 559 ngakhale zonse zikutchedwa 26.

Funso ndi lakuti tayala likang'ambika muli pakati pa Dwangwa ndi Nkhata Bay, lina mulipeza kuti? La 559 ndi la 635 limapezeka pafupifupi pa malo a malonda alionse. La 622 muyembekezere m'mizinda ikuluikulu. La 630 ndi lamwayi. Choncho njinga ya 630 muziiwerengera ndi mtengo wa mawilo ena. Kusintha kuchoka pa 630 kupita pa 622 kumatheka chifukwa kusiyana kwake ndi mamilimita 8, kutanthauza kuti malabala a buleki ayenera kutsika mamilimita 4 okha. Onani ngati mpata wa malabala pa mkono wa buleki watsala ndi malo otsikira amenewo. Pa mabuleki omangidwa ndi bawuti imodzi pamwamba nthawi zambiri alipo, ndipo akasowa mumagula buleki ya mikono yayitali. Pa a cantilever, mabuleki a timikono tiwiri tomangidwa uku ndi uku kwa wilo, zimavuta chifukwa timitengo take tinawotchereredwa pa felemu; ena amalola, ena amafika pa limu mopendeka. Njira yosakayikitsa ndi kubwereka wilo la 622 n'kuliyesa pomwepo.

Gunditsani maginito pa limu. Akamata, ndi yachitsulo, ndipo limu yachitsulo yonyezimira ikanyowa buleki imangotsetsereka. Ndi katundu kumbuyo pamtsetse, zimenezo si zoseweretsa. Ya aluminiyamu imagwira bwino koma imadyeka. Ikani lula mopingasa pa khoma lake pamene labala amakhudza: pakaoneka chigwa chakuya, khomalo lapyapyala ndipo tsiku lina lidzaphulika ndi mphamvu ya mpweya. Malimu ena akale a 630 alibe kamlomo kokowera mkombero wa tayala m'kati mwake. Amenewo musapope kupitirira 70 psi, tayala limavuka.

Masipoko akhale 36 pa wilo lililonse. Zina, monga Specialized Expedition, zinkabwera ndi 40 kumbuyo, zolimba ndithu, kungoti limu ya mabowo 40 ya kukula kumeneko ndi yosowa. Finyani masipoko awiriawiri kuzungulira wilo lonse. Onse a mbali imodzi akungike mofanana. Sipoko yokhwepa ndi imene imathyoka, chifukwa imapindikapindika pa chigongono chake nthawi iliyonse wilo likazungulira. Mukaona atsopano awiri kapena atatu pakati pa akale mbali ya tcheni, otsalawo atopanso ndipo aziduka mmodzimmodzi. Wilo lotero ndi lofunika kulukanso lonse.

Pa habu yakumbuyo pali mitundu iwiri. Yakale ndi ya filiwilo, imene magiya onse pamodzi ndi zolira zake amapotokera pa mazinga a habu. Yatsopano ndi ya cassette, imene zolira zili m'habu momwemo ndipo magiya amangolowetsedwa. Kuti musiyanitse, chotsani wilo, muzungulitse magiya chobwerera m'mbuyo, muyang'ane timano ta pakati tolowetsamo chomasulira. Tikaima magiya akuzungulira, ndi filiwilo. Tikazungulira nawo, ndi cassette. Vuto la filiwilo ndi lakuti mabelingi a mbali ya tcheni ali m'kati kwambiri, ndiye chigawo chachitali cha ekiselo chimangolendewera popanda chochirikiza. Pa magiya 5 sizivuta kwenikweni, pa 6 ndi 7 ekiselo imapindika kapena kuthyoka ndithu ikakumana ndi katundu ndi mabampu. Zungulitsani ekiselo ndi zala muone ngati nsonga yake ikuvina. Pa wilo lomangidwa ndi kachogwirira kotsegula msanga, ekiselo ikhoza kukhala yothyoka kale koma itagwiridwa ndi kamtengo ka m'kati. Mukachotsa kamtengoko, zidutswa ziwiri zimagwa zokha.

Komabe filiwilo musainyoze. Ya magiya 6 kapena 7, ya mano 14 mpaka 28, imagulitsidwa paliponse chifukwa njinga za m'mapiri zotsika mtengo zimayendera yomweyo, ndipo ekiselo yosaboola pakati ya mamilimita 10 ndi yotchipa, mukhoza kuyenda ndi yapadera m'chikwama. Zoyenera kuthawa ndi ziwiri: habu ya Maillard Helicomatic, imene ili pa Peugeot ndi Trek zina za m'ma 1980, ya mabelingi aang'ono osachedwa kutha ndi magiya osapezekanso, ndi cassette yakale ya Shimano Uniglide, imene giya yaing'ono ndiyo imapotokera pa mazinga n'kutsekera zinzake. Mukafuna kuika wilo lina, yezani mpata wa pakati pa tizitsulo togwira ekiselo: mamilimita 120 ndi wa magiya 5, 126 wa 6 kapena 7, 130 wa mahabu a pamsewu a masiku ano, 135 wa a m'mapiri. Felemu yachitsulo ya 126 imalandira habu ya 130 mukangoikanula ndi manja. Kupitirira apo iyenera kukanulidwa mwadongosolo, mbali iliyonse payokha, chingwe chija chikuyang'anira.

Magiya a njinga zambiri zakale ndi olimba kuposa mmene miyendo yosenza katundu imafunira. Werengani mano. Lamulo losavuta ndi lakuti giya yaing'ono yakutsogolo ikhale ndi mano ochepa kuposa yaikulu yakumbuyo. Tayala la 35-622 limayenda mamita 2.17 likazungulira kamodzi. Ndi mano 42 kutsogolo ndi 24 kumbuyo, monga pa njinga zambiri za magiya khumi, kupalasa kamodzi kumakukankhani mamita 3.8, ndipo pa chitunda cha Chiweta kapena pokwera kuchokera ku Golomoti muli ndi makilogalamu 25, mudzatsika n'kumakankha. Ndi 28 kwa 28 ndi mamita 2.17, zopiririka pa phula. Ndi 24 kutsogolo ndi 32 kumbuyo ndi mamita 1.6, ndipo pamenepo mumakwera mutakhala pansi, ngakhale pa makhona a msewu wa Gorodi wopita ku Livingstonia.

Ndiye funani kilanki ya magiya atatu. Yabwino kwambiri ndi ya muyeso wa 110 ndi 74 (kukula kwa mabwalo a mabawuti omangira magiya, m'mamilimita), imene Sugino ndi Shimano anapanga yambirimbiri, chifukwa imalola giya yaing'ono ya mano 24 ndipo zosinthira zake zikupangidwabe. Mukapeza magiya awiri aakulu oyandikana kwambiri, monga 50 ndi 45, ndi kena kakang'ono ka 28, musaganize kuti wina analakwitsa. Ndi kakonzedwe ka nthawi imeneyo kogawa pakati mipata ikuluikulu ya filiwilo ya magiya 5. Derailleur yakumbuyo, chida chija chokankhira tcheni kuchoka pa giya ina kupita pa inzake, ikhale ya mkono wautali kuti ithe kumeza tcheni chotsala. Za Suntour zakale, monga VGT ndi Cyclone GT, zimasintha bwino mpaka lero. Suntour ndi amene anatulukira mu 1964 kapangidwe kopendeka kamene aliyense anatengera chilolezo chawo chitatha mu 1984. Timikono tosinthira magiya topanda madukaduka, toti mumangokankha mpaka tcheni chikhale chete, ndi chuma paulendo: timagwira ndi derailleur iliyonse, filiwilo iliyonse, ngakhale kachitsulo kolendewerapo derailleur katapindika. Todumpha ndi kulira kwa "tiki tiki" timafuna zonse zikhale za banja limodzi, ndipo ta Suntour pa magiya a Shimano sitigwirizana.

Tcheni chiyezeni ndi tepi yomweyo. Kuchokera pa pini imodzi werengani mapini ena 24. Chatsopano chimakwana mainchesi 12, amene ndi mamilimita 304.8. Chikafika 306.5 chisintheni. Chikafika 308 chadya kale mano a magiya, ndipo chatsopano chizidzalumpha mpaka musinthe ndi filiwilo yomwe.

Chenjezo lapadera pa za ku France, Peugeot, Motobécane ndi Gitane za m'ma 1970 kubwerera m'mbuyo. Zimakwereka bwino, koma mazinga ake ndi a kwawo okha. Bottom bracket ndi ya mamilimita 35 ndipo mbali zonse zimamangira kumanja, ndiye kapu ya mbali ya tcheni imakonda kudzimasula yokha. Pa muyeso wa Chingerezi, umene uli pa njinga zambiri padziko, mbali imeneyo imamangira kumanzere dala. Mtengo wa mahandulo ndi wa mamilimita 22.0 m'malo mwa 22.2, mapedulo ndi a mazinga a mamilimita 14. Pedulo wamba imayamba kulowa kenako n'kulimba, wokonza akaikakamiza ndi sipanala mazinga a kilanki amatha. Raleigh zotsika mtengo zopangidwa ku Nottingham nazonso zili ndi mazinga akeake, 26 pa inchesi m'malo mwa 24.

Mabuleki a cantilever ndiwo chizindikiro cha njinga ya maulendo ya m'ma 1980: amasiya malo a tayala lonenepa ndi madigadi, ndipo sadzaza matope msanga. Malabala a zaka 30 amauma ngati mtengo, asintheni musanaweruze buleki. Pomanga atsopano, nsonga yakutsogolo ikhudze limu poyamba, yakumbuyo itatsala milimita imodzi, kuti asamalire. Yezani mpata wa timitengo tiwiri ta buleki. Pa njinga za masiku ano ndi pafupifupi mamilimita 80, pa zakale zina ndi 60 kapena kucheperapo, ndipo pamenepo mabuleki atsopano sakwanapo. Musataye akalewo, a Dia-Compe kapena Mafac. Ambiri amathamangira kuika V-brake, buleki ya mikono yayitali ya njinga za m'mapiri zobwera pambuyo pake, koma imafuna chogwirira chokoka kebulo yaitali. Ndi zogwirira zakale za mahandulo opindika, chogwirira chimafika pa handulo buleki isanalume. Chinanso: kebulo yaikulu yakutsogolo ikaduka, kawaya kopingasa kamagwera pa tayala n'kukola mano ake, wilo n'kuima dzidzidzi. Madigadi kapena kachitsulo ka galasi lowala pansi pa kawayako ndi kamene kamateteza zimenezi, choncho musakachotse.

Pali malire amodzi amene njinga zotchukazi sizingawadumphe, ndiwo kunenepa kwa tayala. Zambiri za m'ma 1980 zimalola mamilimita 32 ndi madigadi, 35 kapena 38 popanda. Pa phula n'zokwanira. Pa msewu wafumbi wa mabampu ndi mchenga, tayala la 32 losenza katundu limatitimira ndipo limatsina chubu pa miyala. Ngati ulendo wanu ndi wa misewu yotero, kunena zoona Miyata 1000 imagonja kwa njinga ya m'mapiri yachitsulo ya pakati pa 1988 ndi 1995 yopanda sipuling'i, monga Specialized Rockhopper kapena Trek 930. Ili pa 559, imalola tayala la mamilimita 50, ili kale ndi magiya atatu kutsogolo, ndipo zambiri zili ndi timabowo ta kaliyala. Iyezeni chimodzimodzi, kumbuyo kukhale masentimita 43 kapena kuposerapo, ndipo pewani zija za 1987 ndi 1988 zimene buleki yakumbuyo inamangidwa pansi pafupi ndi mapedulo, pamene pamasonkhana matope onse. Mtengo wakenso pa kaunjika umakhala wotsika chifukwa ogula amaiona ngati yachikale poyerekeza ndi ya masipuling'i.

Kaliyala wa njinga ya maulendo amakhala pa mabawuti a M5, ndipo wabwino amasenza makilogalamu 25, mwina kuposerapo pang'ono. Si wa matumba a makala kapena kabaza; ntchito imeneyo ndi ya njinga yakuda kapena Buffalo, imene kaliyala wake anamupangira makilogalamu 100. Yesani bawuti m'kabowo kalikonse. Mazinga akatha, dutsitsani bawuti yayitali mumange ndi nati, koma mbali ya tcheni mutu wa bawuti ukhale m'kati kuti usakole tcheni pa giya yaing'ono. Timabowo ta pakati pa foloko ndi ta kaliyala wotsika wakutsogolo, amene amaika zikwama pafupi ndi ekiselo. Zolemera koma zazing'ono, monga zitsulo zokonzera ndi chakudya, ziike mmenemo, ndipo njinga imakhazikika kuposa kuunjika zonse kumbuyo. Kaliyala wachitsulo akathyoka amawotchereka. Wa aluminiyamu amathyokera polumikizira ndipo pamsewu mumangomumanga ndi waya.

Kukula kwa felemu sikusinthika, ndiye imani mutaitangadza mapazi ali pansi: pakati pa inu ndi paipi yapamwamba patsale masentimita awiri mpaka asanu. Mtengo wa chishalo ndi wa mahandulo uli ndi kamzere kosonyeza polekezera kuutulutsa. Ngati kuti mukwane muyenera kupitirira kamzereko, njingayo ndi yaing'ono kwa inu.

Mukaigula, musadalire girisi wa m'katimo ngakhale mawilo akuzungulira bwino, wauma kalekale. Tsegulani zonse. Habu yakutsogolo nthawi zambiri imatenga timipira ta mabelingi 10 ta 3/16 ya inchesi mbali iliyonse, yakumbuyo 9 ta 1/4, bottom bracket 11 ta 1/4 mbali iliyonse, khosi ta 5/32. Ikani tatsopano tokhatokha, musasakanize ndi takale. Yendetsani nsonga ya bolopeni pa njira ya timipira pa koni, kanati kosongoka ka pa ekiselo kamene timipira timayendapo: ikakodwa m'timaenje, koniyo yatha. Pa wilo la kachogwirira kotsegula msanga siyani kukhwepa pang'ono kwambiri pa makoni, chifukwa kachogwirirako kakatsekedwa kamafinya ekiselo n'kumaliza kulimbitsa. Pakani girisi pa mtengo wa chishalo ndi wa mahandulo musanabwezere, sinthani makebulo onse anayi ndi nyumba zake, ndiponso kansalu ka m'kati mwa limu kophimba mitu ya masipoko.

Kenako iyeseni itasenza. Zigubu zinayi za malita asanu zodzaza madzi ndi makilogalamu 20. Ikani ziwiri mbali iliyonse, kapena mugawe kutsogolo ndi kumbuyo monga mudzachitire paulendo. Pezani mtsetse wopanda magalimoto, muyambe pang'onopang'ono, mukuwonjezera liwiro ulendo uliwonse. Mahandulo akayamba kugwedezeka uku ndi uku, panikizani bondo pa paipi yapamwamba, mumange buleki yakumbuyo mofatsa. Mukaima onani zinthu zitatu motsatana: ngati khosi lakhwepa, ngati kaliyala akuvina mukamukankha chammbali, ndiponso ngati katundu wapitirira kuseri kwa ekiselo. Sunthani makilogalamu asanu kupita kutsogolo, mubwerezenso mtsetse womwewo.